Mmene matemba ndi mbalame za ku Chilwa zidalowetsera Malawi m'pangano la Ramsar

Mu 1968 nyanja ya Chilwa idaphwa mpaka anthu ankayenda wapansi pomwe kale pankadutsa mabwato. Kwa asodzi a ku Mposa ndi ku Namanja m'boma la Machinga chinali chaka cha njala, koma kwa gulu lina la akatswiri unali mwayi wosowa. Kuyambira mu 1966, Yunivesite ya Malawi, yomwe idali ikadali yakhanda, inkafufuza za nyanjayi motsogozedwa ndi Margaret Kalk, katswiri wa zamoyo wochokera ku South Africa. Iwo ankayeza kuya kwa madzi ndi mchere wake, ndipo adaona matemba, makumba ndi milamba ikubisala m'mitsinje ndi m'madambo, kenaka n'kudzazanso nyanja mvula itabwerera. Zomwe adapeza zidatuluka m'buku mu 1979.

Kafukufukuyo ali mkati, kutali ku Iran, mayiko adasainirana pangano loteteza madambo mumzinda wa Ramsar pa 2 February 1971. Panganoli limafuna umboni wa manambala. Mwa zina, dambo limalembedwa ngati limasunga mbalame za m'madzi zosachepera 20,000 kawirikawiri. Chilwa imapitirira pamenepo, ndipo zina mwa mbalamezo zimachokera ku Ulaya ndi ku Asia kuthawa chisanu. Mlenje wa ku Machinga akatchera msampha, amatha kukola mbalame yomwe idaswedwera kutsidya kwa nyanja zamchere, n'chifukwa chake mayiko akutali ali ndi chidwi ndi dambo lino.

Nyanja itaphwanso mu 1995, boma lidafulumira. Mu 1996 Chilwa idakhala malo oyamba m'Malawi kulembedwa pansi pa panganoli, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidaiikanso m'kaundula wake wa malo osungira zachilengedwe. Ndalama zidatsatira mainawo. Dziko la Denmark lidathandiza kukonza ndondomeko yosamalira dambolo, ndipo kuyambira mu 2010 dziko la Norway lidalipirira ntchito yothandiza anthu a m'chigwachi kupirira kusintha kwa nyengo, yomwe ankayendetsa a bungwe la LEAD ku Chancellor College pamodzi ndi a WorldFish komanso ofufuza za nkhalango a ku Zomba.

Komabe pali mpata womwe akazembe sadautseke. Gombe lakum'mawa kwa Chilwa lili m'malire ndi Mozambique, ndipo mtsinje wa Mnembo umathira madzi ake m'nyanjayi kuchokera komweko, pomwe malo olembedwa ku Ramsar amathera pa malire a Malawi. Nyanja ya Chiuta, kumpoto pang'ono, nayonso ndi ya mayiko awiriwa. Mitengo ikadulidwa kumtunda kwa Mnembo, matope ake amadzakhazikika kuno, ndipo palibe komiti ya pagombe ya ku Machinga yomwe ingaletse zimenezo. Mu 2018 gawo lalikulu la nyanjayi lidaumanso, mabwato n'kutsala pamatope.