Dzimbiri ndi Girisi: Mbiri ya Njinga za M'mapiri ndi Ntchito Yozidzutsa

Kumpoto kwa mzinda wa San Francisco, m'chigawo cha California ku America, kuli boma lotchedwa Marin. M'bomamo muli phiri la Tamalpais ndi zitunda zina zozinga tauni yaing'ono ya Fairfax, ndipo m'zitundamo mudalambulidwa misewu yafumbi yoti galimoto zozimitsa moto zizidutsamo nkhalango ikayaka. Umodzi mwa misewuyi sukwana ngakhale makilomita atatu ndi theka, koma munthu akachoka pamwamba pake n'kufika pansi amakhala atatsika mamita pafupifupi 400. Pa 21 Okotobala 1976 anyamata angapo adasonkhana pamwamba pa msewuwo ndi njinga zawo zakapalasa kuti athetse mkangano wa yemwe adali waliwiro kuposa anzake. Adatsika mmodzimmodzi, nthawi ikuwerengedwa pa wotchi. Adapambana ndi Alan Bonds, ndipo zimamveka kuti ndi iye yekha amene adafika pansi osagwa.

Msewuwo adaupatsa dzina loti Repack, mawu a Chingerezi otanthauza kulongedzanso. Dzinali lidachokera ku mabuleki. Njinga zambiri za anyamatawo zidali ndi buleki yobisika m'habu ya wilo lakumbuyo, imene imagwira munthu akapalasa chobwerera m'mbuyo. Potsika phiri lotere buleki inkatentha mpaka girisi yense wa m'habu n'kusanduka utsi. Wokwera akafika kunyumba ankayenera kumasula habu, kuitsuka, ndi kuidzazanso girisi watsopano asanabwerere kuphiri. Choncho dzina loyamba m'mbiri ya masewerawa ndi dzina la ntchito ya wokonza njinga, ndipo nkoyenera kuti zikhale tero, pakuti njinga ya m'mapiri sidabadwire m'fakitale. Idabadwa m'manja mwa anthu otola zotayidwa.

Zotayidwazo zidali njinga za kampani ya Schwinn ya ku Chicago. Mu 1933 kampaniyi idatulutsa njinga za matayala onenepa, a mainchesi 26 ndi kukhuthala kopitirira mainchesi awiri, ndipo idazikongoletsa kuti zizioneka ngati njinga zamoto. Zidakondedwa ndi ana komanso anyamata ogawa nyuzipepala. Pofika m'zaka za m'ma 1970 zidali zitaiwalika: anthu ankafuna njinga zopepuka za magiya khumi, ndipo zakalezo zinkachita dzimbiri kuseri kwa mashopu. Joe Breeze, mnyamata wa ku Mill Valley amene ankapikisana pa njinga za m'misewu yatala, adagula imodzi ya mu 1941 pa madola asanu okha mu 1973. Iye ndi anzake monga Otis Guy, Gary Fisher ndi Charlie Kelly ankachotsa zophimba matope, zotchinga tcheni ndi zokometsera zonse, n'kusiya felemu ndi mawilo. Njinga zoterezi ankazitcha klunker, monga mmene munthu wa kuno anganenere kuti chiphakasa.

Chiphakasacho chinkalemera makilogalamu oposa 20 ndipo chidali cha giya imodzi, motero kukwera nacho phiri kunkatanthauza kuchikankha. Apa mpamene luso lophatikiza lidayambira. Adatenga mahandulo ndi zogwirira mabuleki za njinga zamoto, mabuleki a ng'oma a njinga zokwera anthu awiri, ndi magiya a njinga zoyendera maulendo ataliatali, n'kuzimangirira pa felemu imene idapangidwa iwo asanabadwe. Za yemwe adayamba kuika magiya pa chiphakasa pakhala mkangano wa zaka zambiri. Gary Fisher ndiye ankatchulidwa kawirikawiri, koma zidadziwika pambuyo pake kuti mu Disembala 1974 Russ Mahon ndi anzake a ku Cupertino, kummwera kwa San Francisco, adabwera ku mpikisano wa ku Mill Valley ndi ziphakasa za magiya, a ku Marin akuonerera. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale kuti otsatsa malonda amakonda denga losenzedwa ndi mutu umodzi wokhala ndi dzina logulitsika.

Mafelemu akalewo sadapangidwire nkhanza za Repack. Ankapindika, ena n'kuthyoka, ndipo abwino ankanka nasowa pamene owafuna ankachuluka. Charlie Kelly, amene ankayendetsa mipikisanoyo, adapempha Breeze kuti amupangire felemu yolimba. Mu Okotobala 1977 Breeze adamaliza yoyamba, ya mapaipi atsopano a chitsulo chosakaniza ndi chromium ndi molybdenum, yokhala ndi timapaipi tiwiri towonjezera tochoka kutsogolo mpaka ku wilo lakumbuyo. Idalemera makilogalamu pafupifupi 17, ndipo adapambana nayo pa Repack. Pofika mu 1978 adali atapanga khumi, zotchedwa Breezer. Komabe miyeso ndi kapendekedwe ka felemu adazitengera kwa Schwinn yakale ija. Mwa mipikisano 24 imene idachitika pa Repack pakati pa 1976 ndi 1984, Breeze adapambana khumi, pamene nthawi yachangu koposa, mphindi zinayi ndi masekondi 22, idali ya Fisher.

Zotsatira zake zidathamanga ngati njinga yotsika phiri. Mu 1979 Tom Ritchey, mmisiri wachinyamata wowotcherera mafelemu, adayamba kupanga ambiri, ndipo Fisher ndi Kelly ankawamanga n'kuwagulitsa pansi pa dzina loti MountainBikes pa mtengo wa madola pafupifupi 1,300. Mu 1981 kampani ya Specialized ya Mike Sinyard idapangitsa ku Japan njinga yotchedwa Stumpjumper n'kuigulitsa pa madola 750. Makampani a ku Japan a Shimano ndi Suntour adayamba kupanga zida zoyenera m'mapiri. Mpikisano woyamba wa dziko lonse wovomerezeka ndi bungwe la UCI udachitikira ku Durango mu 1990, ndipo mu 1996 masewerawa adalowa m'mipikisano ya Olimpiki ku Atlanta. Zaka 20 zokha zidali zitapita chiyambire tsiku la Alan Bonds.

Malonda akakula amafuna chatsopano chaka chilichonse, ndipo chatsopano chimafuna kuti chadzana chioneke chachikale. Mu 1989 RockShox idatulutsa foloko yonesa. Aluminiyamu adalowa m'malo mwa chitsulo, kenaka kaboni. Mabuleki ogwira pa limu adasiyira malo mabuleki a disiki. Ngakhale wilo la mainchesi 26, limene lidachokera kwa Schwinn, lidayamba kukankhidwa ndi la mainchesi 29, kenaka la 27.5, kufikira kuti pofika chapakati pa zaka za m'ma 2010 njinga zapamwamba zidalisiyiratu. Schwinn yeniyeniyo idagwa mu 1992, ndipo Suntour yakale idazilala m'zaka zomwezo, dzina lake n'kupita m'manja mwa ena. Njinga za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990 zidapezeka pamalo omwe padali ziphakasa zija: m'magalaja, pansi pa zinyalala, zikugulitsidwa pa mtengo wa nkhomaliro.

Kumeneko ndi kumene anthu ozidzutsa adazipeza. Ambiri adali aja amene ali ana ankazisirira pa windo la shopu opanda ndalama. Ntchito yawo imayamba monga momwe ya pa Repack inkathera: kumasula habu, kutulutsa timipira tachitsulo, kutsuka girisi wakale wouma ngati phula, ndi kudzazamo watsopano. Zida za nthawi imeneyo zidapangidwa kuti zizimasuka ndi masipanala wamba, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zakhalitsira. Koma si zonse zimamasuka mwaulemu. Paipi ya chishalo, imene kawirikawiri imakhala ya aluminiyamu, ikakhala zaka 30 m'felemu yachitsulo yopanda girisi, zitsulo ziwirizo zimadyana ndi chinyezi mpaka kugwirana ngati chinthu chimodzi. Wokonza amathira mafuta olowerera n'kudikira masiku. Zikakanika amadula paipiyo n'kuicheka cham'kati pang'onopang'ono, akusamala kuti tsamba la sowo lisakhudze felemu. Anthu ambiri ataya mafelemu abwino pa malo amenewa chifukwa cha phuma.

Palinso dzimbiri losaoneka. Madzi amalowera pa chishalo n'kukadikha pansi pa felemu, pafupi ndi mapedulo, ndipo chitsulo chimadyeka kuchokera m'kati penti wakunja akadali wonyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ubwino wa chitsulo ndi wakuti mmisiri angathe kuchotsa paipi yowola n'kuwotchererapo ina, ndipo yopindika angaiwongole. Aluminiyamu sakhululuka chotero: amatopa ndi zaka, n'kung'aluka pafupi ndi powotcherera, ndipo kumukonza kumafuna kutenthetsanso felemu yonse m'ng'anjo. Mafoloko onesa a m'ma 1990 ali ndi vuto lawo. Ambiri adali ndi timitanda ta labala m'malo mwa sipuling'i, ndipo labalayo akakalamba amauma n'kunyenyeka kapena kusungunuka ngati phala. Chodabwitsa n'chakuti njinga ya mu 1985, yopanda zonesa zilizonse, imadzuka mosavuta kuposa ya mu 1995 imene idali yodula kwambiri pa nthawi yake.

Pakati pa odzutsa njinga pali kusiyana maganizo kwakukulu. Ena amafuna kuti njinga ibwerere mmene idatulukira m'shopu, chida chilichonse chikhale cha chaka chake. Iwowa amafufuza m'makatalogu akale, m'magazini monga Fat Tire Flyer imene Charlie Kelly adayambitsa mu 1980, ndi m'zithunzi zimene Wende Cragg, mayi amene ankapalasa nawo pa Repack, adajambula masiku oyambawo. Amatha chaka akusaka chogwirira buleki chimodzi. Chifukwa cha iwo kampani ya Panaracer idayambanso kupanga matayala ake akale a Smoke ndi Dart. Ena amakana kupenta, ponena kuti chilema chilichonse pa felemu ndi umboni wa njira imene njingayo idayenda, ndipo ogula odziwa amalemekeza penti woyamba, ngakhale wokalikakalika, kuposa watsopano. Gulu lachitatu silisamala za chaka: limatenga felemu yakale, n'kuikapo mahandulo ena, magiya amakono ndi dengu kutsogolo, kuti iziyenda kumsika ndi kuntchito.

Osunga zakale amaliona gulu lachitatuli ngati owononga, koma mbiri ili kumbali yake. Bonds, Fisher ndi Kelly sadafunse ngati chogwirira buleki cha njinga yamoto chidali choyenera pa Schwinn ya m'ma 1930. Komabe a gulu loyamba nawonso ali ndi mfundo: Breezer zoyamba zidali khumi zokha, ndipo chinthu chimene chilipo khumi pa dziko lonse sichiyenera kuchekedwa ndi aliyense amene ali ndi sowo. Yoyamba ija idalandiridwa mu 2012 ndi nyumba yosungira zakale ya Smithsonian ku Washington. Mu 2015 Breeze, Otis Guy ndi anzawo adatsegula Marin Museum of Bicycling ku Fairfax, kufupi ndi kumene msewu wa Repack umathera, ndipo adasamutsirako Mountain Bike Hall of Fame imene idayambira ku Crested Butte mu 1988. Vuto limakhalapo pamene ulemu woyenera njinga khumi uperekedwa kwa njinga zimene zidapangidwa mamiliyoni, mitengo n'kukwera, ndipo chinthu chimene chidapangidwira fumbi n'kukoleka pa khoma la chipinda chochezera.

Zambiri mwa mamiliyonizo sizidafike pa khoma lililonse. Zidakwezedwa m'makontena, zina ndi mabungwe achifundo, zina ndi amalonda a kaunjika, n'kudzatsikira kuno kwathu. M'misika ya ku Lilongwe ndi Lusaka, pambali pa njinga zakuda za mawilo a mainchesi 28 zochokera ku India ndi China zimene akabaza amadalira, mumapezeka njinga za m'mapiri zogwiritsidwapo kale ntchito ku Ulaya ndi America. Wokonza njinga wa pansi pa mtengo wa mango amazidziwa bwino. Chosinthira magiya chikathyoka ndipo china n'kusowa, amafupikitsa tcheni n'kuisiya pa giya imodzi, amawotchererapo kaliyala yonyamula thumba la chimanga, ndipo chishalo amatenga cha njinga ina. A ku Marin ankaika magiya pa chiphakasa. Iye amawachotsa, ndi chifukwa chofanana, choti njinga igwire ntchito pa msewu umene uli patsogolo pake.

Ngakhale buleki ya m'habu idabwerera kudzera njira yomweyo. F.K. Day, mmodzi mwa oyambitsa kampani ya zida za njinga ya SRAM, imene idagula RockShox mu 2002, adayambitsa ndi Leah Missbach Day bungwe la World Bicycle Relief mu 2005. Ntchito yawo itafika ku Zambia adaona kuti njinga zopezeka pamsika zinkaphwasuka msanga pa misewu yakumudzi. Njinga ya Buffalo imene idatuluka pa ntchitoyo, yodziwika tsopano ku Zambia, Malawi ndi Zimbabwe, idapangidwa yachitsulo, yolemera makilogalamu oposa 20, ya giya imodzi, ya buleki yopalasa chobwerera m'mbuyo, ndi kaliyala yonyamula makilogalamu 100. Mawilo ake ndi a mainchesi 26, wilo lija limene opanga njinga zapamwamba adalitaya. M'mbali mwa tayala la njinga ya m'mapiri ya pa kaunjika mumalembedwa nambala yakuti 559, imene ndi mamilimita a kukula kwa limu. Tayala lomwelo, logulidwa pa msika wa ku Kawale kapena ku Soweto, limalowa pa limu ya Stumpjumper ya mu 1981 ndi pa ya Schwinn ya mu 1941.