Anawasula ndani olemba mbiri ya dziko lathu?

 Lero ndikufuna tikambe za funso limene sitikonda kulifunsa tikamaphunzitsa History. Nkhani za Kalonga, za Kyungu, za Ayao ndi Angoni zimene timalembetsa ana pa bolodi zija, anazitola ndani? Nanga wozitolayo anam'phunzitsa ndani katoledwe kake? Pajatu munthu sabadwa akudziwa kuchita kafukufuku. Pamafunika wina womukhalira pafupi ngati namkungwi, womuuza kuti apa wathamanga, apa wangokhulupirira za m'maluwa, bwerera ukafunsenso.

Ntchitoyi inayamba yunivesite kulibe, ndipo anaiyamba ndi anthu a ntchito yathu yomweyi. Mu 1919 m'busa Yohanna Abdallah anatulutsa Chiikala cha Wayao, mbiri ya Ayao m'chiyankhulo chawo. Ku Livingstonia kunali a Yesaya Chibambo amene analemba za Angoni a kumpoto. Ku Nkhoma kunali mphunzitsi Samuel Josia Ntara, amene buku lake la Nthondo linapata mphoto mu 1933, ndipo m'zaka za m'ma 1940 anatulutsa Mbiri ya Achewa atayenda m'midzi kufunsa mafumu ndi nkhalamba. Anthuwa analibe digiri. Amene ankawalimbikitsa anali amishoni monga T. Cullen Young, amene anamasulira Nthondo m'Chingerezi. Ulangizi wake unali wa bwana ndi wantchito, tisabise. Mmishoni ndiye ankasankha choyenera kusindikizidwa, ndipo mwina n'chifukwa chake mabuku ena a nthawiyo amathera pa kutembenuka mtima. Komabe popanda iwo mawu a nkhalamba za nthawi imeneyo akanapita nazo kumanda.

Panalinso Nyasaland Society, imene inayamba mu 1946 n'kumatulutsa magazini yake kuyambira 1948. Olembamo ambiri anali azungu a m'boma, a m'maesiteti ndi amishoni. Mwana wa Mmalawi wofuna kuphunzira kafukufuku analibe pokhala m'menemo.

Zinthu zinasintha University of Malawi itakhazikitsidwa mu 1964 n'kuyamba kuphunzitsa ku Chichiri mu 1965. Dipatimenti ya History inagwa m'manja mwa a Bridglal Pachai, mmwenye wobadwira ku South Africa, amene anakhala kuno mpaka 1975 asanapite ku Canada. Vuto limene anapeza linali lalikulu: mabuku a mbiri ya Malawi amene analipo ankayamba ndi David Livingstone, kupitirira ndi Harry Johnston, ngati kuti 1859 isanafike kuno kunali tchire lokhalokha. Aphunzitsi a History anali owerengeka, dziko lalikulu, nkhalamba zikumwalira. Njira imene dipatimentiyi inatsata ndi imene ndikufuna muimvetse bwino, chifukwa ndi yosavuta komanso yotchipa. Anasandutsa ophunzira awo omwe kukhala ofufuza.

Wophunzira wa chaka chomaliza ankasankha mutu, kawirikawiri wa kwawo komwe. Wa ku Karonga za ku Karonga, wa ku Ntcheu za ku Ntcheu. Pa holide ankapita kumudzi ndi kope, kukakhala pansi ndi mafumu, ankhoswe, azibusa opuma ndi agogo aakazi. Pobwera ankalemba pepala lake, n'kulitayipa, n'kulichulukitsa pa makina a sitensulo, kenako n'kuliwerenga pa semina pamaso pa aphunzitsi ndi anzake. Apa ndi pamene panali kusula kwenikweni. Wakuuza ndani zimenezi? Ali ndi zaka zingati? Ndi wa banja lachifumu kapena la amene analandidwa ufumu? Unafunsako wa mbali inayo? Zikugwirizana ndi zimene zili m'mafayilo a DC ku National Archives ku Zomba? Mwana amene wadutsa m'mafunso otere samvanso nkhani mwachibwana moyo wake wonse. Koleji ya Chancellor itasamukira ku Zomba mu 1973, nyumba ya mafayilo ija inakhala pafupi, yongoyendera wapansi.

Mapepala amenewa, amene amatchedwa History Seminar Papers, si masewera ayi. Tsegulani A History of Malawi 1859-1966, buku la a John McCracken la mu 2012, muyang'ane m'munsi mwa masamba. Mupezamo mayina a ophunzira a pa Chancellor, ana a zaka makumi awiri ndi mphambu zochepa, akutchulidwa ngati mboni m'buku lalikulu chotero. Ambiri a iwo sanakhale mapulofesa. Anakakhala aphunzitsi a sekondale ngati ife, ena ma DC, ena m'mabanki. Koma anasiya chinthu chimene sichingapezekenso, popeza amene anawafunsa aja anagona kalekale.

Ochepa amene anaoneka kuti ali ndi mutu wa ntchitoyi ankatumizidwa kunja kuti akabwere kudzatenga malo a azungu. A Owen Kalinga anapita ku London n'kumaliza udokotala mu 1974 ndi mbiri ya ufumu wa Angonde, wa ma Kyungu a pa phiri la Mbande. A Kings Phiri anapita ku Wisconsin ku America, kumene kunkaphunzitsa Jan Vansina, katswiri amene anaonetsa dziko kuti mbiri ya pakamwa ili ndi malamulo ake oiyesera monga momwe zilili ndi zikalata. Anamaliza mu 1975 ndi kafukufuku wa mbiri ya Achewa a m'chigawo chapakati kuyambira 1600 mpaka 1920. Chimene ndimakonda pa ntchito ya a Phiri n'chakuti sanangolemba zimene anamva. Anafunsa kuti n'chifukwa chiyani a mfunda wa Phiri amaikamba nkhani mwakuti pamene a Banda amaikamba mwina, ndipo ndani amapindula ikakambidwa motero. Mfumu ikamakuwerengera mndandanda wa amene anakhalapo pa mpando, mayina ena imadumpha dala, ena imaphatikiza, ena imawonjezera kuti ufumu uoneke wakale. Wofufuza wosasulidwa amangokopera. Wosulidwa amapita kwa mbumba ya mbali ina kukamva mndandanda wawo.

Awiriwa atabwerera, unyolo unalumikizika: Amalawi anayamba kusula Amalawi anzawo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunabweranso J.B. Webster wa ku Canada, amene ankakonda kuwerengetsa mibadwo kuti apeze zaka, ndi Megan Vaughan wa ku Britain, ndipo ophunzira anatola mbiri ya Ayao a Amachinga. A McCracken nawo anadzakhala pulofesa pa Chancellor kuyambira 1980 mpaka 1983.

Pa ntchito ya mayi Vaughan ndiimepo pang'ono. Buku lawo la mu 1987, The Story of an African Famine, ndi la njala ya 1949 m'boma la Blantyre. Mafayilo a atsamunda anali ndi ziwerengero za chimanga ndi mikangano ya fodya. Amuna ankakamba za maulendo okasuma. Koma nyimbo za pamtondo ndi zimene zinaulula mbali imene palibe fayilo inalemba: amuna amene anachoka pa chikamwini ati kukafuna chakudya, osabweranso, kusiya mkazi ndi ana. Kodi ndani akanaganiza kuti nyimbo yosinjira chimanga ndi umboni wa History? Ndipo mlendo wa ku Britain akanaimva bwanji nyimbo yotero, ndi zining'a zake, popanda achinyamata a kuno omuthandiza? Apa ulangizi unkayenda mbali ziwiri, wamkulu kuphunzitsa njira, wamng'ono kutsegula khomo ndi kumasulira. Chimene chimandiwawa n'chakuti pa ntchito zambiri zotere dzina la wamng'onoyo limathera pa tsamba la zothokoza.

Tsono chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Zonsezi zinkachitika mu ulamuliro wa chipani chimodzi. A Kamuzu Banda anali Chancellor wa yunivesiteyo, ndipo anali ndi mbiri yawoyawo ya Amaravi ndi ya ufulu wa dziko lino imene sankafuna kuti wina aitsutse. Lamulo lounika mabuku linabwera mu 1968, chaka chomwe Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Mayina a Chipembere, Chiume, Chisiza ndi Orton Chirwa sankatchulidwa poyera chichitikire mpungwepungwe wa nduna wa 1964. Landeg White, amene pambuyo pake analemba Magomero, anapitikitsidwa m'dziko muno mu 1972. Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. M'nyengo yotere mlangizi wabwino ankayenera kuphunzitsa zinthu ziwiri, kufufuza ndi kupulumuka. Mwana wabwera ndi mutu wa 1959 kapena wa kuukira kwa Chipembere ku Mangochi mu 1965, mphunzitsi womukonda angamuuze chiyani? Bwerera m'mbuyo mwanawe, kalembe za 1850.

Ine ndimaona kuti mantha amenewa ndi amene anaumba silabasi imene tinaipeza. Mbiri ya makolo atsamunda asanabwere inafufuzidwa mozama, chifukwa kumeneko kunali kobisalako. Mbiri ya dzulodzuloli inasiyidwa, mboni zake zili moyo. Pofika 1994, pamene pakamwa panatseguka, ambiri amene anaona za 1959 ndi 1964 ndi maso awo anali atamwalira kapena atakalamba. A Kalinga analemba mu 1998 za momwe a Banda ndi chipani chawo anakhudzira kalembedwe ka mbiri m'zaka za m'ma 1960. Ndipo tisaganize kuti zinatheratu ndi chipani chimodzi. Mu 2011 a Blessings Chinsinga anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, ndipo maphunziro pa Chancellor anasokonekera miyezi yambiri.

Nyerere ina ndi yakuti osulidwa bwino ambiri anathera kunja. A Elias Mandala, amene analemba za alimi a m'chigwa cha Shire ndi za kutha kwa chidyerano, anakaphunzitsa ku Rochester. A Paul Tiyambe Zeleza, amene buku lawo la mbiri ya chuma cha Africa linapata mphoto ya Noma mu 1994, anayenda m'mayiko ambiri mpaka kukatsogolera yunivesite ku Nairobi. A Kalinga anakakhazikika ku North Carolina. Sindikuwaimba mlandu, aliyense amadziwa chimene anathawa kapena chimene anatsata. Koma mlangizi mmodzi akachoka, si mpando umodzi umene umatsala wopanda munthu. Ndi ana onse amene akanakhala naye pansi chaka ndi chaka.

Otsala anagwira ntchito ndithu. A Wiseman Chijere Chirwa analemba za amuna a ku Nkhata Bay opita ku Theba. Ku dipatimenti ya zachipembedzo, m'zaka za m'ma 1990, a Kenneth Ross ndi a Klaus Fiedler anayambitsa mabuku a Kachere, ndipo anachita chimene a History oyamba aja sanathe: kutenga kafukufuku wa wophunzira, kumuthandiza kumukonza, n'kumusindikiza kukhala buku logulika kuno kwathu. Wofufuza wachinyamata akaona dzina lake pa chikuto amalimba mtima kuposa momwe malikisi angamulimbitsire.

Nanga ife a ku sekondale zikutikhudza bwanji? History pa MSCE ndi phunziro losankha, ndipo ana ambiri amalithawa ati ndi loloweza madeti. Sakunama kwenikweni, chifukwa ndi momwe ambiri timaliphunzitsira: manotsi, manotsi, mayeso. Mwana amafika ku yunivesite asanafunsepo munthu funso limene yankho lake mulibe m'buku. Masiku anonso foni imamupatsa ndime yonse yolembalemba, iye n'kungokopera. Aphunzitsi a ku koleji, amene makalasi awo ndi odzaza, sangayambe naye pa chiyambi penipeni.

Njira ya semina ija sifuna labu kapena magetsi. Ine ndimaichita ndi a Fomu 3 pa holide ya teremu yachiwiri. Aliyense asankhe nkhani imodzi ya kwawo: agogo amene anapita ku Wenela kusanaletsedwe mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, kapena amene anabwezedwa ku Theba mu 1988, kapena momwe mudzi unavotera pa riferendamu ya pa 14 June 1993, kapena njala ya 2002. Malamulo ndi ochepa. Ufunse anthu osachepera awiri, wina akhale wamkazi, ndipo uwafunse payekhapayekha. Upemphe chilolezo usanalembe, ndipo wokana kutchulidwa dzina usamutchule. Pamwamba pa tsamba ulembe mudzi, tsiku, ndi zaka za wofunsidwayo. Ulembe m'chiyankhulo chimene wayankhula, kumasulira pambuyo. Ndipo pomaliza unene pamene awiriwo asiyana, ndi chifukwa chimene iwe ukuganiza kuti asiyanirana.

Gawo lomalizali ndi limene limawavuta. Amabwera atakwinya nkhope ati, "Sala, agogo aamuna akuti chakuti, agogo aakazi akuti bodza, ndilembe ziti?" Ndimawauza kuti alembe zonse, kenako aime kutsogolo anzawo awapanikize ndi mafunso. Pa pepala lililonse ndimalembapo ndemanga ndi cholembera chofiira, osati malikisi okha, ndipo ndimalibweza kuti alikonze kachiwiri. Mapepala makumi asanu ndi limodzi amanditengera masabata atatu.

Inu ana anga amene muli ku Zomba, kumene kuchokera mu 2021 dzina la University of Malawi linatsalira pa Chancellor yokha, ndikutumeni. Mukalowe mu laibulale, ku gawo la mabuku a za Malawi, mukafunse za mapepala a semina aja. Mukafufuze la boma la kwanu, mukaliwerenge, ndipo ngati akulolani mukalijambule pa foni, chifukwa pepala la sitensulo la zaka makumi asanu silichedwa kufufutika. Mukabwera pa holide mudzandipatseko, a Fomu 3 adzaone momwe mnzawo wa mu 1972 anafunsira agogo a agogo awo.