Za Bala Losaturuka Mwazi

Munthu wocokera ku Zomba akafika pa dooko la Kachulu, naponya maso ace kum'mawa, aona mapiri a cisumbu ca Chisi alikuyandama pa madzi a Chilwa. Ndipo mlendo sacedwa kufunsa, kuti, Nanga makolo a anthu awa anasiyiranji madambo aconde a kumtunda, nakamanga pa miyala? Ena anatsata nsomba, ndi zoona. Koma ambiri anathawa. Mwezi uno tifuna kulondola mbiri ya cimene nkhondo isiya m'kati mwa munthu amene wapulumuka. Pakuti tiyesa kuti bala limeneli lakhala pa gombe ili zaka zambiri, ndipo amene analisenza mwakacetecete sanawerengedwe ndi munthu ali yense.

David Livingstone anaona nyanja ya Chilwa m'mwezi wa April, 1859, ali pamodzi ndi John Kirk. Pamene anabweranso mu 1861 anapeza dziko litabvunduka. Ayao, amene nawonso anapitikitsidwa kwao, analikulimbana ndi Amang'anja, ndipo ogula anthu analikuyenda pakati pao. M'mwezi wa July caka comweco, pa mudzi wa Mbame, Livingstone ndi anzace anamasula akapolo 84 amene analikutengedwa kunka ku Tete, ambiri a iwo akazi ndi ana. Ndipo Bishop Charles Mackenzie anakakhala nao ku Magomero. Pambuyo pace inagwa njala yoopsa ya 1862 ndi 1863, ndipo mu 1884 Angoni a Chikuse anaoloka Shire, nawononga midzi ya ku mapiri. Masiku amenewo wokhala ndi bwato anali ndi linga.

Tiime pang'ono pa mudzi wa Mbame. Magoli a amuna aja anadulidwa ndi sowo tsiku lomwelo, ndi zingwe za akazi zinadulidwa ndi mipeni. Koma omasulidwawo anasimba kuti pa njira mkazi wina anamphera khanda lace, cifukwa sanakhoza kusenza katundu ndi mwana pamodzi. Sowo uti akadadula cimene ana a pa ulendowo anaciona ndi maso? Livingstone mwini anadzazindikira kanthu ka ici pambuyo pace. Mu 1870, ali ku Manyema, m'dziko la Congo, analemba za nthenda imene inamdabwitsa koposa zonse: mfulu zogwidwa ukapolo zinalikufa zosadwala kanthu kooneka, zinazake zosasowa cakudya, ndipo pofunsidwa zinaika dzanja pamtima, ndi kunena kuti kuwawa kuli pamenepo. Iye anaicha nthenda ya kusweka mtima.

Makolo athu sanali osadziwa zimenezi. Analeka kumsiya yekha wofedwa. Anagona naye pasiwa, nammeta tsitsi, nadzamphikira mowa wa cikumbutso, kuti cisoni cikhale ndi ciyambi ndi cimariziro cace. Kumpoto, pakati pa Atumbuka, gule wa vimbuza anakula m'zaka zomwezo za nkhondo za Angoni, ndipo wodwala anabvina zowawa zace pamaso pa mudzi wonse. Tiyamika nzeru imeneyi. Koma tisabise kuti inali ndi polekezera pace. Kawirikawiri cifukwa ca nthenda anacifuna mwa mfiti, ndipo nkhalamba yosalakwa inasenza mlandu. Ndiponso zoipa zocitikira m'nyumba, kwa mwana kapena kwa mkazi, anati nza m'banja, zosaturuka nazo pabwalo.

Boma la Angerezi litakhazikika ku Zomba, linatsegula malo a odwala misala mu 1910, ndipo malowo anali mbali ina ya ndende yaikuru. Owayang'anira anali alonda a ndende. Tsono taonani amene anatengedwako: makamaka iwo amene anatentha nyumba, kapena kulasa munthu, kapena kusautsa Boma. Wongokhala cete pakhonde, wosagona usiku, sanasautse munthu; cifukwa cace dzina lace silinalowe m'buku.

Mu 1914 inabuka nkhondo imene akuru athu anaicha ya Chiwaya. Anyamata zikwi zambiri analembedwa usilikari wa King's African Rifles, ndipo ocuruka koposa anagwidwa utengatenga, nasenza akatundu m'matope kufikira 1918. Ambiri anafa ndi kamwazi ndi njala. Nthawi yomweyo ku Ulaya madotolo analikuona asilikari onthunthumira, osalankhula, olota zoopsa, alibe bala pathupi. Charles Myers analemba za nthendayi mu 1915 ndi dzina lakuti shell shock, ndipo W. H. R. Rivers analikuwaciritsa ku Craiglockhart, ku Edinburgh, mwa kukhala nao pansi ndi kuwathandiza kusimba zimene anaziona. Kwathu kuno anamanga nsanja ya cikumbutso ku Zomba, imene iimabe lero, yokumbutsa akufa. Obwerera amoyo anapita ku midzi yao, ndipo akazi ao ndiwo anamva kupfuula kwa usiku.

Cotipweteka koposa nciphunzitso ca akatswiri ena a masiku aja, monga J. C. Carothers wa ku Kenya, amene analemba mu 1953 kuti nthenda ya cisoni cacikuru siipezeka kawirikawiri mwa anthu a mu Africa. Tiganiza kuti sanaipeze cifukwa anaifuna m'nyumba za misala, m'mene eni ace a cisoni sanafikemo. Caka comweco ca 1953 cipatala ca Zomba Mental cinatsegulidwa, ndipo pofika nthawiyo odwala anali atacoka m'manja mwa alonda a ndende. Koma mbiri yakale inatsalira pa dzinalo. Kufikira lero munthu akauzidwa kuti akaonane ndi a matenda a maganizo, ayankha, kuti, Kodi mwandiona ndilikutola zinyalala? Mantha amenewa tawalandira kwa ndende ya 1910.

Za nkhondo ya ku Mozambique sitidzacurukitsa mau, popeza ambiri a inu owerenga munaiona. Malire a dziko limenelo ali tsidya lija la Chilwa, ndipo pofika 1992, caka ca pangano la mtendere la ku Rome, othawa nkhondo m'Malawi anaposa 1,000,000. Anawerengedwa matumba a ufa ndi mabulangete, ndipo kunayenera kutero. Koma maloto a ana aja anatsala osawerengedwa.

M'zaka zomwezo nthendayi inalikulandira dzina. Mu 1980 madotolo a ku America, ataona asilikari obwera ku Vietnam ndi akazi ogwiriridwa, anailemba m'buku lao ndi dzina lakuti PTSD. Zizindikiro zace nzotere. Coopsa cija cibweranso, m'maloto kapena masana, osati monga cikumbukiro wamba, koma monga ngati cilikucitika tsopano lino. Mtima ugunda, thukuta lituruka. Munthuyo alambalala zonse zomkumbutsa: msodzi amene bwato linamgubuduza, mnzace namira, apeza zifukwa zosiyira nkhafi, natumiza ana. Ndiponso akhala wochera khutu nthawi zonse, adzidzimuka ndi citseko, sagona tulo tokwanira, apsa mtima pa kanthu kakang'ono. Masiku oyamba citacitika coopsa, zimenezi zigwera anthu ambiri, ndipo mwa ocuruka zizirala zokha. Koma zikapitirira mwezi, ndi kumletsa munthu nchito yace kapena mtendere wa panyumba, pamenepo yasanduka nthenda. Namondwe wa Freddy atawononga maboma a kumwera m'mwezi wa March, 2023, si ocepa amene mpaka lero akhala tsonga usiku wonse mvula ikayamba kugunda pa malata.

Koma pali bala lina lakuya, ndilo la iwo amene coopsa sicinawagwera tsiku limodzi, koma zaka, popanda pothawira. Judith Herman anafotokoza zimenezi mu 1992, ndipo bungwe la World Health Organization linazilandira m'buku lace la matenda limene linayamba kugwira nchito mu 2022, ndi dzina lakuti complex PTSD. Kapolo wa m'goli analidziwa bala ili. Alidziwanso mwana woleredwa ndi nkhanza, ndi mkazi womenyedwa caka ndi caka. Pamwamba pa zizindikiro zija, iye alephera kugwira mtima wace, pena kuyaka, pena kuuma gwa. Adziyesa wacabe ndi wodetsedwa, nasenza manyazi amene mwini wace ndi uja anamlakwira. Ndipo kukhulupirira munthu kumkanika, angakhale womkonda. Anansi amuyesa wamwano, kapena wouma mtima, kapena cidakwa. Ena afika ku cipatala kawirikawiri ndi mutu, ndi cifuwa, ndi kugunda kwa mtima, napimidwa malungo osapezeka. Ndipo akafunsidwa bwino anena mau amene ife tonse tiwadziwa, akuti, Ndilikuganiza kwambiri.

Kuciritsa kwace sikufuna unyolo kapena citseko cokhoma. Ciyamba ndi kuonetsetsa kuti coopsaco caleka, pakuti palibe bala lipola mkondo ukali m'kati. Pamenepo mlangizi wophunzira aphunzitsa wodwala kukhazika thupi lace pansi, ndi kupuma kwace, ndi tulo tace. Atatero ayamba naye kusimba nkhani ija pang'ono pang'ono, monga akhoza kupirira, nabwerezabwereza, kufikira mtima uphunzira kuti cinthuco cinapita. Napendanso naye maganizo onama amene cinawabzala, monga akuti, Ndinacititsa ndine. Kwa wa coopsa cimodzi masabata owerengeka akhoza kukwanira. Wa zaka zambiri afuna nthawi yotalikirapo. Mankhwala alipo othandiza ena, koma mapiritsi ogonetsa saciza nthendayi, ndi kacasu aikulitsa. Ku Harare, dotolo Dixon Chibanda anasonyeza kuti agogo ophunzitsidwa, okhala pa benchi kunja kwa cipatala, akhoza kupeputsa mitima yolema ndi maganizo. Ndipo ife sitidabwa, pokumbukira amene anagona pasiwa.

Wofuna thandizo ayambe pa cipatala ca pafupi, nanene poyera kwa namwino kapena dotolo cimene cinamgwera ndi cimene cimcitikira usiku, asachule mutu wokha. Iwo akhoza kumtumiza kwa anamwino a matenda a maganizo, amene ambiri awaona ndi kuwalola kubwerera kwao tsiku lomwelo. Wogwiriridwa asacedwe, pakuti mankhwala oteteza kacirombo ka HIV ayenera kuyambika asanathe maora 72. Ndipo ngati wina ayamba kunena za kudzipha, asasiyidwe yekha usiku umenewo; mbale mmodzi akwere naye bwato la m'mawa la ku Kachulu, nakhale naye pa mzere kufikira aitanidwa dzina.