Kilt: Chovala cha Amphawi Chimene Chinakalowa Kunyumba ya Mfumu

Mlendo akafika m'dziko la Scotland pa tsiku la ukwati, la chikondwerero kapena la mpira wa timu ya dzikolo, chinthu choyamba kumudabwitsa ndi kavalidwe ka amuna. Abambo aulemu wawo, ena a imvi mbuu, amayenda m'misewu ya Edinburgh ndi Glasgow atavala chovala chonga siketi chofika m'mawondo, chopindidwapindidwa kumbuyo, cha mizere yamitundumitundu yopingasana. Chovalachi amachitcha kilt, ndipo nsalu yake amaitcha tartan. Popeza kilt ilibe matumba, kutsogolo kwake kumalendewera kachikwama kachikopa kotchedwa sporran. Eni ake sakondwa munthu akaitchula kuti siketi. Kwa iwo ndi chovala chachimuna ndiponso chizindikiro cha dziko lawo, moti ngakhale Mfumu Charles III imachivala ikapita kunyumba yake ya ku Balmoral.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti zaka zosakwana 300 zapitazo mwamuna wopezeka atavala chovala chomwechi ankatsekeredwa m'ndende. Mbiri ya kilt ndi ya chovala cha anthu ogonjetsedwa chimene chinadzapatsidwa ulemu ndi anthu omwe anawagonjetsawo, pa nthawi imene eni ake ankachotsedwa pa malo a makolo awo.

Kuti timvetse nkhaniyi tiyenera kudziwa kuti Scotland wakale anali wa magawo awiri. Kummwera ndi kum'mawa kuli dera la zidikha lotchedwa Lowlands, kumene kuli mizinda ikuluikulu, ndipo anthu ake ankavala mabuluku ngati Angelezi. Kumpoto ndi kumadzulo kuli dera la mapiri ndi zilumba lotchedwa Highlands. Anthu a kumeneko ankalankhula chilankhulo cha Gaelic, ankaweta ng'ombe, ndipo ankakhala m'mafuko, fuko lililonse ndi mfumu yake. Anthu a kuzidikha ankawanyoza anzawo a kumapiriwa kuti ndi osaphunzira komanso akuba ng'ombe. Kilt inali ya a kumapiri okha.

Poyamba chovalachi sichinali chosokedwa monga tikuchionera lero. Inali nsalu imodzi yaikulu ya ubweya wa nkhosa, yotalika mamita anayi kapena asanu, imene ankaitcha féileadh mòr. Munthu ankaipindapinda, n'kudzimanga nayo m'chiuno ndi lamba. Mbali yam'munsi inkalekeza m'mawondo, pamene yam'mwamba ankaikoleka paphewa, kapena kuifunda kumutu mvula ikayamba. Mbiri ina yolembedwa ku Ireland, pofotokoza za asilikali aganyu ochokera ku zilumba za Hebrides amene anafika kumeneko mu 1594, imatchula za kavalidwe kameneka komanga lamba pamwamba pa nsalu. Chinali chovala choyenerana ndi dziko lake. Munthu wotsatira ng'ombe m'madambo ndi kuwoloka timitsinje tsiku lonse sakanafuna buluku lonyowa lomamatira m'miyendo. Usiku ukamupeza kuthengo, nsalu yomweyo inkasanduka bulangete. Kwa mmphawi, chovala ndi chofunda chinali chimodzi.

Kilt yaifupi, yopanda mbali yokoleka paphewa, inayamba kufala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700. Pali kalata imene inasindikizidwa ku Edinburgh mu 1785 yonena kuti anaiyambitsa ndi Mngelezi wina, Thomas Rawlinson, amene anali ndi ng'anjo yosungunulira chitsulo ku Invergarry m'zaka za m'ma 1720. Akuti iye ataona kuti nsalu yaikuluyo inkasokoneza antchito ake podula mitengo ndi kuotcha makala, anaidula pakati n'kusiya yam'munsi yokha. Katswiri wa mbiri yakale Hugh Trevor-Roper anaibwereza nkhaniyi mu 1983, ndipo anthu ambiri a ku Scotland anakwiya nayo. Akatswiri ena amatsutsa, ponena kuti anthu a kumapiri anali atayamba kale okha kuvala nsalu yaifupiyo. Mkanganowu ukusonyeza mmene chovalachi chinalowera m'mitima ya anthu, moti sangalole kuti ulemu wochiyambitsa upite kwa mlendo.

Tsoka la kilt linabwera ndi ndale za ufumu. Mu 1688 Mfumu James wa banja la Stuart anachotsedwa pampando, ndipo kuyambira 1714 Britain inkalamulidwa ndi banja la Hanover lochokera ku Germany. Mu 1745 mdzukulu wa James, Charles Edward Stuart, anafika ku Scotland kudzamenyera mpando wa agogo ake, ndipo mafuko angapo a kumapiri anamutsata. Analanda Edinburgh, nalowa mu England mpaka ku Derby, kenako n'kubwerera. Pa 16 Epulo 1746 anakumana ndi gulu lankhondo la boma, lotsogozedwa ndi mwana wa mfumu, Duke of Cumberland, pa dambo la Culloden kufupi ndi Inverness. Nkhondoyo sinathe ngakhale ola limodzi. Anthu a Charles oposa 1,000 anaphedwa, ndipo asilikali a boma anapitiriza kusaka othawa, kuotcha midzi ndi kulanda ng'ombe kwa miyezi ingapo.

Nkhondo imeneyi ili ndi kachingwe kofika kuno kwathu. David Livingstone anabadwa mu 1813 ku Blantyre wa ku Scotland, mudzi wa kuzidikha umene dzina lake linadzaperekedwa ku mzinda wathu wa Blantyre. Koma makolo ake anali a kumapiri. Iye mwini analemba kuti bambo wa agogo ake anafera pa Culloden ali kumbali ya banja la Stuart, ndi kuti agogo akewo anachoka pa chilumba cha Ulva n'kukalowa ntchito pa fakitale ya thonje ku Blantyre. Ulendo wa banja limenelo, wochoka kumapiri kukasaka ntchito kuzidikha, unali ulendo wa mabanja ambirimbiri.

Boma la ku London linatsimikiza kuti mafuko a kumapiri asadzadzukenso. Nyumba ya malamulo inalamula kuti zida zawo zilandidwe, inachotsa mphamvu zoweruza milandu zimene mafumu a mafuko anali nazo, ndipo mu 1746 inakhazikitsa lamulo loletsa zovala za kumapiri. Kuyambira pa 1 Ogasiti 1747 mwamuna kapena mnyamata aliyense mu Scotland sankaloledwa kuvala kilt, nsalu yaikulu ija, kapena jekete la tartan. Wolakwa koyamba ankakhala m'ndende miyezi 6. Wolakwa kachiwiri ankatumizidwa ku minda ya atsamunda kutsidya kwa nyanja kwa zaka 7. Lamuloli silinasankhe: linakhudza ngakhale mafuko ngati la Campbell amene anamenya nkhondo kumbali ya boma. Boma linadziwa kuti chovala chimene chimamudziwitsa munthu kuti ndi wa fuko lakuti chimamukumbutsanso amene ayenera kumumvera.

Komabe lamulolo linasiya khomo limodzi lotsegula, ndipo kilt inapulumukira pamenepo. Asilikali a mfumu ankaloledwa kuivala. Kale lomwe boma linali ndi gulu la asilikali a kumapiri lotchedwa Black Watch, limene linayamba mu 1725 ngati alonda oyang'anira anzawo a kumapiri omwewo. Itatha nkhondo ya Culloden magulu otere anachuluka, chifukwa Britain inkafuna asilikali pa nkhondo zake za kunja. Mnyamata wa kumapiri wofuna kuvala ngati bambo ake anali ndi njira imodzi yokha, ndiyo kulumbira kuti adzatumikira mfumu imene inagonjetsa bambo akewo. Anyamata ovala kilt anamenya nkhondo ku Quebec mu 1759 ndi ku Waterloo mu 1815, zitoliro zawo zathumba zikulira patsogolo. Chovala chimene Angelezi ankachiona ngati cha zigawenga chinasanduka chovala cha ngwazi za ufumu wa Britain.

Lamulo loletsa lija linathetsedwa mu 1782, patatha zaka 35. Amene analimbikira kuti lithe anali anthu olemera a bungwe la Highland Society of London, lokhazikitsidwa mu 1778. Koma pofika nthawiyo anthu wamba a kumapiri anali atazolowera mabuluku, ndipo ambiri sanabwererenso ku chovala chakalecho. Anali ndi nkhawa ina yaikulu. Mafumu a mafuko, amene tsopano anali eni malo ofuna ndalama, anaona kuti nkhosa zimapindulitsa kuposa anthu. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 mpaka pakati pa zaka za m'ma 1800, mabanja masauzande ambiri anachotsedwa m'zigwa zawo kuti papite nkhosa. Ku Strathnaver, m'dera la Sutherland, nyumba zinaotchedwa mu 1814 kuti eni ake asabwererenso. Patrick Sellar, amene anatsogolera ntchitoyo, anazengedwa mlandu mu 1816 koma khothi linamumasula. Anthu ena anakankhidwira m'mphepete mwa nyanja, ena anapita m'mafakitale a ku Glasgow, ndipo ena anakwera zombo kupita ku Canada, America ndi Australia.

Ndi m'nyengo yomweyi pamene kilt inakwezedwa kukhala chovala cha dziko lonse. Mu Ogasiti 1822 Mfumu George IV inayendera Edinburgh, patapita zaka zoposa 170 mfumu yolamula isanapondeko ku Scotland. Wokonza mwambowo anali mlembi wotchuka Sir Walter Scott, munthu wa kuzidikha, amene mabuku ake anachititsa owerenga ambiri kusirira moyo wakale wa kumapiri. Scott analimbikitsa akuluakulu kuti abwere atavala zovala za kumapiri, ndipo anthu amene makolo awo ankanyoza kilt anathamangira kwa atelala. Mfumu nayo inaonekera ku nyumba yachifumu ya Holyrood itavala kilt ya tartan yofiira ya banja la Stuart. Inali munthu wonenepa, kilt inaifupikira, ndipo m'miyendo inavala zothina zapinki, zimene ojambula zithunzi zoseketsa sanazilekerere. Koma tanthauzo lake linali lalikulu. Cumberland wa pa Culloden uja anali mng'ono wa agogo ake a George IV. Patangotha zaka 76, mdzukulu wa banja logonjetsa anavala chovala cha ogonjetsedwa, anthu n'kumaombera m'manja.

Chikhulupiriro chakuti fuko lililonse lili ndi tartan yakeyake chinakhazikikanso m'zaka zomwezi. Kale mitundu ya nsalu inkadalira woomba nsalu wa m'deralo ndi utoto umene ankatha kupeza. Kampani ya William Wilson and Son ya ku Bannockburn, imene inkaombera asilikali nsalu, inkazindikira mitundu yambiri ndi manambala chabe. Mu 1815 bungwe la ku London lija linapempha mafumu a mafuko kuti atumize zitsanzo za tartan za mafuko awo, ndipo ena anachita kufunsa amalonda chifukwa iwo sankaidziwa. Mu 1842 abale awiri odzitcha Sobieski Stuart, amene ankati ndi zidzukulu za Charles Edward Stuart, anasindikiza buku la Vestiarium Scoticum, nanena kuti analikopera m'zolembedwa zakalekale. Linali lachinyengo, koma mitundu yambiri ya m'bukulo ikuvalidwabe ngati ya makolo. Mfumukazi Victoria ndi mwamuna wake Albert anamaliza ntchitoyo. Anagula malo a Balmoral mu 1852, nakongoletsa nyumba yawo ndi tartan, ndipo olemera onse anatsanzira.

Ku nkhondo, kilt inapitirira mpaka zida zamakono zitaigonjetsa. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1918, asilikali ankaivala m'maenje obisalamo ataiphimba ndi nsalu ya khaki. Inkalemera ndi matope, inkasunga nsabwe m'mapindo ake, inkakodwa pa waya waminga, ndipo mpweya wa poizoni unkaotcha miyendo yosavalayo. Pofika 1940 akuluakulu a asilikali anali ataichotsa pa zovala zomenyera nkhondo. Inatsala ya pa perete, monga ikuvalidwira lero ndi gulu la Royal Regiment of Scotland limene linapangidwa mu 2006.

Masiku ano kilt ndi ya aliyense. Kilt yabwino imadya nsalu pafupifupi mamita 7 ndipo ndi yodula, choncho anyamata ambiri amachita kubwereka pa shopu pa tsiku la ukwati kapena lolandira digiri. Ochemerera timu ya mpira ya dzikolo, odziwika kuti Tartan Army, amaivala ndi malaya a timu kulikonse kumene apita. Zidzukulu za anthu othamangitsidwa aja zimaivala ku Canada ndi ku America pa 6 Epulo, tsiku lotchedwa Tartan Day. Mu 2008 nyumba ya malamulo ya Scotland inakhazikitsa lamulo lotsegula kaundula wa boma wa mitundu ya tartan, ndipo masukulu, makampani ndi mabanja a anthu obwera amalembetsamo yawo.

Sitinganene kuti chikhalidwe chimenechi n'chabodza chifukwa choti mbali zina anachita kuzipeka. Mwambo umene anthu ausunga kwa zaka 200, naukwatira nawo ndi kuikira nawo maliro, wasanduka wawo ndithu. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene chinapulumutsidwa ndi chovala chokha, chifukwa chinali chokongola pa perete ndipo sichinkaopsezanso boma. Chilankhulo cha Gaelic, chimene eni kilt ankalankhula, lero chimalankhulidwa ndi munthu mmodzi yekha pa anthu pafupifupi 100 alionse a ku Scotland. M'zigwa zambiri za ku Sutherland mwatsala mabwinja a miyala, nkhosa ndi agwape. Mtundu uliwonse wonyadira zovala za makolo ake pa tsiku la chikondwerero uyenera kudzifunsa ngati ukusamalanso chilankhulo ndi malo a anthu amene anayamba kuvala zovalazo.