Corticosteroid: mankhwala a dzina la khungwa

Tsinde la mawu akuti corticosteroid ndi cortex, liwu la Chilatini lotanthauza khungwa. Khungwa lake ndi la tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, timene timatulutsa cortisol. Mankhwala monga hydrocortisone ndi dexamethasone amatengera ntchito ya cortisol yoziziritsa kutupa kwa m'thupi. Masiteroidi amene ena onyamula zitsulo amamwa kuti afufume minofu ndi mtundu wina, tisawasokoneze.

Mankhwala a corticosteroid ayesedwapo pa opaleshoni ya mtima. Pa opaleshoniyi, kawirikawiri magazi amadutsa m'makina opopa, ndipo thupi limatupa m'kati. Pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu, pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu mtima wake umagunda mosalongosoka, zipinda zam'mwamba zikungonjenjemera. Magazi akhoza kuundana, sitiroko n'kubwera.

Kafukufuku wa ku Finland wa mu 2007, pa odwala 241, anaonetsa kuti hydrocortisone amachepetsa vuto la kugunda kwa mtima mosalongosokali. Wina wamkulu wa mu 2015, pa odwala oposa 7,000 amene ena mwa iwo anapatsidwa corticosteroid wa mtundu wina, sanapeze phindu lotero. Ine ndimamvetsa madokotala amene amazengereza kupereka mankhwalawa kwa aliyense, chifukwa amakweza shuga m'magazi pamene chilonda cha pachifuwa chikadali chachiwisi.