Mbiri ya kaphukusi kochokera kunja: msonkho udapezeka msanga, woyankha mlandu adachedwa

M'chaka cha 2024, timaphukusi ta katundu wotsika mtengo tokwana 4.6 biliyoni tidalowa m'mayiko a European Union kuchokera kunja. Apa ndiye kuti tsiku lililonse kumafika timaphukusi pafupifupi 12 miliyoni, ndipo 91 mwa 100 tilitonse timachokera ku China. M'katimo mumakhala malaya, ndolo, matchaja a foni, zidole za ana, mafuta odzola ndi zina zotero. Palibe dziko lomwe lili ndi anthu a kasitomu okwanira kutsegula ngakhale kagawo kochepa ka katundu wochuluka chonchi. Maboma akhala akulimbana ndi mafunso awiri: msonkho wa katunduyu alipira ndani, nanga tchaja ikayatsa nyumba, aimbidwa mlandu ndani? Funso loyambalo adalithamangira chifukwa limakhudza thumba la boma. Lachiwirilo lidayenda pang'onopang'ono, anthu akupsa.

Chiyambi chake n'chakale, intaneti kulibe. Mu 1938, aphungu a ku America adalola a kasitomu kuti asamavutike n'kutolera msonkho pa katundu wosaposa dola imodzi. Nzeru yake idali yomveka: nthawi ya kalaliki, mapepala ndi zidindo zimadya ndalama zambiri kuposa msonkho womwe boma likadapeza pa kaphukusiko. Mayiko a ku Ulaya adachita chimodzimodzi mu 1983 pochotsa msonkho wa VAT pa timaphukusi totsika mtengo, ndipo malire ake adadzakhazikika pa mayuro 22. Opanga malamulowa ankaganizira za mphatso, mabuku ndi tinthu tina tomwe munthu amaoda mwa apo ndi apo. Palibe yemwe adalota kuti kampata aka kadzasanduka msewu waukulu wa malonda.

Oyamba kuonetsa dziko kukula kwa mpatawu sadali Matchaina. Adali Mangerezi eni ake. Pakati pa England ndi France pali zilumba ziwiri, Jersey ndi Guernsey, zomwe zili pansi pa ufumu wa Britain koma zimadzilamulira pa nkhani za misonkho ndipo VAT ya ku Britain siifikako. Katundu wochokera kumeneko ankaonedwa ngati wochokera kunja, choncho phukusi losaposa mapaundi 18 linkalowa popanda VAT. Mwa omwe ankapindula poyamba mudali alimi a maluwa a ku Guernsey, omwe malonda awo safuna kugonera pa kasitomu. Koma mu 1998 kudabadwa kampani ya Play.com ku Jersey, yogulitsa ma CD ndi ma DVD pa intaneti, ndipo pasadapite zaka zambiri masitolo akuluakulu ngati Tesco ndi HMV nawo adatsegula njira zawo zodzera kuzilumbazi.

Zomwe zinkachitika n'zodabwitsa. Katundu ankanyamuka ku Britain, n'kuwoloka nyanja kupita ku Jersey kapena ku Guernsey, kumeneko n'kuikidwa m'timaenvelopu, kenaka n'kubwereranso ku Britain komweko pa positi. Ulendo wonsewu udalibe phindu lina koma kuzemba VAT mololedwa ndi lamulo. Mwini kasitolo ka nyimbo m'tauni ya ku England, yemwe ankalipira lendi, malipiro a antchito ndi VAT ya 17.5 peresenti, sakadatha kupikisana ndi mnzake wosalipira kalikonse pa CD yomweyo. Masitolo ang'onoang'ono adalira kwa zaka zambiri boma lisadamve. Mu Novembala 2011 malire adatsitsidwa kufika pa mapaundi 15, ndipo pa 1 Epulo 2012 mwayiwu udathetsedweratu kwa katundu wa kuzilumbazi. Maboma a Jersey ndi Guernsey adakasuma ku khoti lalikulu ku London koma adagonja. Chaka chotsatira Play.com idasiya kugulitsa katundu wakewake.

Phunziro lidalipo, koma mayiko sadalitole msanga, chifukwa nthawi yomweyo kummawa kunkatseguka chipata chachikulu koposa. Bungwe la mapositi a dziko lonse la Universal Postal Union, lomwe lidakhazikitsidwa ku Bern mu 1874, lidali ndi dongosolo kuyambira mu 1969 loti dziko lotumiza makalata lizilipira dziko lowalandira, ndipo mayiko ongotukuka kumene ankalipira zochepa. China idakhala m'gulu limeneli ngakhale pomwe mafakitale ake ankapangira dziko lonse katundu. Zotsatira zake, kutumiza kaphukusi kuchoka ku Shenzhen kupita ku New York nthawi zina kunkatchipa kuposa kukatumiza kuchoka mumzinda wina wa America kupita mumzinda unzake. Msika wa pa intaneti wa AliExpress udatsegulidwa mu 2010. America, yomwe idali itakweza kale malire ake kufika pa madola 200, mu 2016 idawakwezanso kufika pa madola 800. Msika wina wa pa intaneti wa Shein udakula pa mwayi umenewu, unzake wa Temu n'kubwera mu 2022, ndipo m'chaka cha boma cha 2024 timaphukusi toposa 1.3 biliyoni tidalowa mu America popanda msonkho wa kasitomu.

Pa nkhani ya msonkho, yankho litapezeka lidali losavuta. M'malo modikira kaphukusi pa chipata, maboma adaganiza zotolera ndalamayo pomwe wogula akulipira pa foni yake, ndipo wotolera akhale mwini msika wa pa intaneti. Australia idayamba pa 1 Julaye 2018. Masiku ochepa m'mbuyo mwake, khoti lalikulu la America lidali litagamula pa mlandu wa South Dakota ndi kampani ya Wayfair kuti wogulitsa atha kukakamizidwa kutolera msonkho wa dera lomwe alibeko sitolo kapena ofesi, potero n'kufafaniza chigamulo chomwe chidakhalapo kuyambira mu 1992. Britain idatsatira mu Januwale 2021 pa katundu wosaposa mapaundi 135. Pa 1 Julaye 2021 European Union idathetsa mwayi wa mayuro 22 uja n'kukhazikitsa njira ya IOSS, momwe wogulitsa wakunja amalembetsa m'dziko limodzi n'kumaperekera kumeneko VAT ya mayiko onse a mgwirizanowu pa katundu wosaposa mayuro 150. Kuyambira mu 2023, misika ya pa intaneti imakakamizidwanso kuuza a misonkho a ku Ulaya mayina a ogulitsa ndi ndalama zomwe apeza, kupatula okhawo ogulitsa mochepa kwambiri.

Kuno kumwera kwa Africa, mphepo yomweyi idafika ku South Africa, komwe abale athu ambiri amagula ndi kugulitsa. Timaphukusi tosaposa malandi 500 tinkalipira msonkho wa 20 peresenti basi, popanda VAT, pamene sitolo yoitanitsa zovala mwa dongosolo inkalipira 45 peresenti kuphatikizapo VAT. Eni mafakitale a zovala ndi mabungwe a antchito adadandaula, ndipo kuyambira pa 1 Seputembala 2024 bungwe la misonkho la SARS lidayamba kuika VAT pa timaphukusiti. America ndiyo idatseka chitseko mwamphamvu: pa 2 Meyi 2025 mwayi wa madola 800 udatha kwa katundu wa ku China ndi Hong Kong, ndipo pa 29 Ogasiti udatha kwa mayiko onse.

Mbali ya chitetezo cha wogula ili ndi mbiri yopweteka kwambiri. Malamulo akale onse adamangidwa poganiza kuti pakati pa fakitale yakunja ndi wogula pali munthu woitanitsa katundu, wokhala ndi dzina, ofesi ndi akaunti ku banki m'dziko momwemo. Ndiye yemwe amaonetsetsa kuti katundu ndi wabwino, ndipo zikavuta ndiye amagwidwa. Mu 2007 kampani ya Mattel idabweza zidole zambirimbiri zopangidwa ku China zitapezeka ndi utoto wokhala ndi mtovu, womwe umaononga ubongo wa ana. Idali nkhani yochititsa manyazi, koma dongosolo lidagwira ntchito: kampani idalipo, idaitanitsa zidolezo kuti zibwezedwe, idalipira chindapusa cha madola 2.3 miliyoni, ndipo mu 2008 America idakhwimitsa lamulo la katundu wa ana.

Kaphukusi kochoka ku fakitale molunjika kupita pakhomo pa wogula kadachotsa munthu wapakatiyo. Pamaso pa lamulo, woitanitsa katundu adasanduka wogula mwini wake, mayi wofuna chidole cha mwana wake. Chizindikiro cha CE, chomwe ambiri amachitenga ngati umboni woti boma layeza katundu, pa zinthu zambiri chimangokhala lonjezo la wopanga kuti watsatira malamulo, ndipo wachinyengo amangochidinda. Kumapeto kwa 2015 anthu adatengeka ndi timatabwa ta matayala awiri toyendera batire, totchedwa hoverboard. Akuluakulu oyendera malonda ku Britain adayeza toposa 17,000 pa madoko ndi mabwalo a ndege, ndipo toposa 15,000 tidapezeka toopsa, tambiri chifukwa cha mapulagi, mawaya ndi mabatire otha kuphulika. Nyumba zidapsa ku Britain ndi ku America.

Ovulala akapita ku khoti, eni misika ya pa intaneti ankayankha ngati khonsolo yomwe imangobwereketsa mabenchi mumsika: wogulitsa si ife, mufunseni mwini katundu. Koma khonsolo siisunga katundu wa wogulitsa m'nyumba yake, siilandira ndalama kwa wogula, ndipo siimutumizira katunduyo m'katoni yolembedwa dzina lake. Amazon inkachita zonsezi. Mayi wina wa ku California adagula batire la laputopu pa Amazon kwa wogulitsa wa ku Hong Kong, batirelo lidaphulika n'kumuwotcha kwambiri, ndipo wogulitsayo sadabwere ku khoti. Mu Ogasiti 2020 khoti la apilo la California lidagamula kuti Amazon itha kuyankha mlanduwo, chifukwa idadziika yokha pakati pa wogulitsa ndi wogula. Mu Julaye 2024 bungwe loona za chitetezo cha katundu ku America la CPSC lidanenanso kuti Amazon ili ndi udindo pa zinthu zoposa 400,000 zoopsa zomwe zidadzera m'nyumba zake zosungira katundu, monga zovala zogonera ana zosachedwa kugwira moto ndi zipangizo zochenjeza za mpweya wapoizoni zomwe sizinkalira. Taganizani, kuchokera pomwe Amazon idatsegulira ogulitsa ena msika wake mu 2000, padadutsa zaka pafupifupi 20 khoti lisadanene chinthu chomwe wogula aliyense ankachidziwa kale.

Ulaya udasankha kubwezeretsa munthu wapakati uja mwa lamulo. Kuyambira pa 13 Disembala 2024, lamulo la GPSR likuti katundu sangagulitsidwe kwa anthu a mu European Union pokhapokha patakhala munthu kapena kampani yokhala m'mayikomo yoyankha za katunduyo. Dzina lake ndi adiresi yake ziyenera kuoneka pa katundu kapena pa phukusi, ndiponso pomwe katunduyo akutsatsidwa pa intaneti. Katundu akapezeka woopsa, mwini msika ayenera kumuchotsa mwachangu akalamulidwa, ndipo ogula ayenera kudziwitsidwa. Ine ndikuona kuti ili ndi lamulo labwino, ndipo lidachedwa.

Komabe pali chondidetsa nkhawa, chifukwa msampha wotchera makampani akuluakulu wakola ang'onoang'ono. Temu ndi Shein ali ndi maloya komanso nyumba zosungira katundu ku Ulaya, choncho kupeza wowaimirira si vuto. Koma osoka ndi osema ambiri a ku Britain, dziko loyandikana ndi European Union, adangosiya kutumiza katundu ku Ulaya lamuloli litayamba, poona kuti ndalama yolipira woimirira ikuposa phindu. Ngati zili choncho kwa Mngerezi, nanga telala wa ku Lilongwe wosoka madiresi a chitenje, kapena wosema ziboliboli yemwe wapeza kasitomala ku Germany kudzera pa Facebook? Lamulo silimusiyanitsa ndi fakitale ya ku Guangzhou. Ku America nako, mwayi wa madola 800 utatha, mapositi a mayiko oposa 80 adayamba aimitsa kutumiza maphukusi kumeneko chifukwa chosowa njira yotolerera msonkho watsopanowo. Wamalonda wamng'ono yemwe amadalira positi ofesi ndiye adayamba kumva kuwawa.

Kwathu kuno vutoli lili ndi nkhope ina. Ambiri mwa ochita geni pa WhatsApp ndi pa Facebook amaoda katundu ku China, ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg n'kudzagulitsa kuno. Kaya akudziwa kaya sakudziwa, iwowo ndiwo munthu wapakati uja. Msonkho pa chipata ndi wawo, ndipo tchaja yomwe agulitsa ikayatsa nyumba ya mnzawo, dzina lomwe wogula akulidziwa ndi lawo, osati la fakitale. Tili ndi Malawi Bureau of Standards kuyambira mu 1972, Malawi Revenue Authority kuyambira mu 2000, ndi lamulo loteteza ogula la 2003, lomwe lidalembedwa AliExpress, Shein ndi Temu kulibe. Mantha anga ndi oti pomwe mayiko olemera akutseka zipata zawo, katundu wokanidwa kumeneko sabwerera kukaphwanyidwa. Afunafuna msika wina, ndipo msika wosavuta kulowa ndi womwe uli ndi oyeza ochepa komanso ogula ofuna chotchipa chifukwa cha umphawi.

Inu amene mumaoda katundu wamagetsi, zidole ndi zodzola kuti mudzagulitse, sungani malisiti, dzina la wopanga ndi mapepala a kasitomu, ndipo wokugulitsani akakana kukupatsani zimenezi, musiyeni. Aphungu athu nawo asadikire zaka 20 ngati anzathu aja. Aunikenso lamulo la 2003 kuti msika uliwonse wa pa intaneti wogulitsa kwa Amalawi ukhale ndi woyankha mlandu wokhala m'dziko muno, yemwe munthu wa ku Ndirande kapena ku Chibavi angathe kumutengera ku khoti.