Hotela ya ku Silverton, m'Cipululu ca Australia

Ambiri a inu mudziwa kuti mzinda wa Kabwe kale unali kuchedwa Broken Hill. Dzinalo linacokera kutali. M'caka ca 1902 T. G. Davey anapeza mtovu pamenepo, nacha malowo dzina la mgodi wochuka wa ku Australia. Lero tipite ku Broken Hill wa ku Australia, ndipo tipitirire mamailosi 15 kufikira kamudzi ka Silverton, kumene kuli hotela imene inakana kufa pamodzi ndi mzinda wace.

Dzikolo ndi louma koopsa, la dothi lofiira, ndipo eni ace a kale ndiwo anthu a mtundu wa Wilyakali. Siliva atapezeka m'mapiri a Barrier, amuna anathamangirako ndi ngolo za ng'ombe, ena pansi, cuma cao conse ciri pamsana. M'caka ca 1884 John de Baun anamanga hotela. Posacedwa mzindawo unali ndi anthu ngati 3,000 ndi mahotela khumi. Caka comweco anchito a m'migodi ya Silverton anapangana bungwe lao lothandizana pa ngozi ndi pa matenda.

Musaganize kuti hotela ya m'cipululu inali nyumba ya mowa cabe. Munthu woyenda masiku ambiri pa dzuwa anali kupezapo madzi, cakudya ndi pogona. Pomwepo anali kumva za mitengo ya siliva, za kumene akulemba nchito, ndi za mnzace amene anafera m'njira. Koma kucereza kumeneko kunali ndi msampha wace. M'madera otere unali mwambo wa anchito ambiri kupereka malipiro ao onse kwa mwini hotela kuti awasungire, iwo namamwa kufikira mwiniyo atanena kuti ndalama zatha. Munthu anali kulowa ndi thukuta la miyezi isanu ndi umodzi, naturuka patapita sabata ziwiri m'thumba muli mbee. Inu amene mumaona zocitika tsiku la malipiro simudzadabwa nazo.

Ndiponso khomo silinali lotsegukira onse. Kufikira zaka za m'ma 1960, lamulo la New South Wales linali kuletsa kugulitsa mowa kwa Aborijini, eni dziko. Akuru athu amene anagulapo zinthu pa zenera m'masiku a atsamunda adziwa kuwawa kwace.

Cimene cinapha Silverton ndico cuma ca mnansi wace. M'caka ca 1883 Charles Rasp, wonchito woyendera mipanda ya nkhosa, anakhoma zikhomo pa phiri la Broken Hill, ndipo kampani ya BHP inayamba mu 1885. Miyala ya kumeneko inaposa ya ku Silverton kutali. Anthu anasamuka, ndipo ambiri ananyamula ndi nyumba zomwe, nazikoka ndi abulu, ngamira ndi ng'ombe. Mahotela anatsekedwa imodzi imodzi. M'caka ca 1918 moto unanyeketsa Silverton Hotel, koma malonda sanaime: anasamukira m'nyumba imene inali positi ofesi, ndipo ali momwemo kufikira lero.

Zaka zambiri hotelayo inakhalira anthu owerengeka a m'mudzimo ndi abusa a nkhosa. Kenaka anafika ojambula kanema, atakopeka ndi kuwala kwa dzuwa ndi cigwa cacikuru ca Mundi Mundi. Kanema wa Mad Max 2, amene anaturuka mu 1981, anajambulidwa m'dera limenelo. Nyumbayo yaonekera m'makanema ambiri, nthawi zina itapacikidwa dzina lina, ndipo zithunzi zace ziri pa makoma m'katimo.

Tsopano okhala m'Silverton ndi makumi owerengeka cabe, koma alendo amafika kucokera ku maiko onse. Mlendo akakhala pakhonde ndi botolo lace lozizira, kawirikawiri amaona abulu akuyenda okha mu mseu wa fumbi, nafika kudzaima pakhomo pa hotela.